Mabungwe ang'onoang'ono nawonso apatsidwe mpata

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa ntchito ya mabungwe omwe si aboma pa zokambirana za kayendetsedwe ka dziko lonse lapansi. Ndime 71 ya malamulo a United Nations a mu 1945 imalola kuti mabungwewa azifunsidwa maganizo, ndipo phindu lake laonekadi. Pangano loletsa mabomba otchera pansi, lomwe mayiko oposa 120 anasainira ku Ottawa, m'dziko la Canada, mu 1997, linatheka chifukwa mabungwe sanaleke kuonetsa atsogoleri zimene zinkachitikira alimi ndi ana, omwe ankaduka miyendo akaponda mabomba m'minda nkhondo itatha kalekale.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti misonkhano yambiri imachitikira ku New York, m'dziko la America, ndi ku Geneva, m'dziko la Switzerland, kotero kuti mabungwe ang'onoang'ono a m'mayiko osauka, omwe amakhala ndi ovutikawo tsiku ndi tsiku, amalephera kupitako chifukwa chosowa ndalama za ndege ndi ziphaso zolowera m'mayikowo. Mapeto ake, amayankhuliridwa ndi mabungwe akuluakulu, omwe nthawi zina amatsata zofuna za owapatsa ndalama.

Ndikupempha okonza misonkhanoyi kuti azilipirira ulendo nthumwi za mabungwe oterewa, komanso kuti bungwe lililonse lopatsidwa mpando lizinena poyera kumene ndalama zake zimachokera.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu