Za kope lija ndi anthu wawachotsawo

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zimene zikuchitika kuntchito kwako. Usamukalipire, ndinachita kumuumiriza ndine. Akuti chikukwezereni kukhala kapitawo wachotsetsa anthu atatu, ndipo mmodzi ndi mnzako uja munkagona naye chipinda chimodzi ku Kawale. Akutinso unanena pagulu kuti pamalopo padzaza zinyalala, iwe usesa. Mawu amenewo andisowetsa tulo, chifukwa ndinawamvapo kale m'nyumba muno, pa laputopu yako yong'aluka pakona ija.

Tchuthi chija utalemba mayeso a Fomu 4 unandikhazika pansi kuti tionere katuni ya ku Japan, Death Note. Ine ndinkati n'za ana, koma tinamaliza zigawo zonse 37, amayi ako akudandaula kuti nsima yapola. Mnyamata uja Light Yagami sanali mbava kapena chidakwa ayi. Zaka 17, nambala wani kusukulu, mwana wa wapolisi wamkulu, waulemu pakhomo ngati iwe amene. Anatola kope limene mzimu wa imfa uja Ryuk anagwetsa, loti akalembamo dzina la munthu uku akuganizira nkhope yake, pakatha masekondi 40 munthuyo wapita. Anayambira zigawenga. Iwe unadumpha pampando, amvekere: "Bambo, munthu wofunika ndi ameneyu!" Ine ndinangoti duu, ndipo lero ndikuona kuti ndinalakwa posakuyankha.

Mwana uja sankapha chifukwa chomvera chisoni anthu oberedwa. Sanagonepo ndi njala, palibe anamuzunzapo. Moyo unkangomutopetsa, ndipo nzeru zinamulowa m'mutu mpaka anayamba kuona anthu onse ngati mbuzi. Anati dziko lavunda, n'kufunafuna woti aliweruze, n'kupeza mmodzi yekha, iye mwini. Ndi pakamwa pake ananena kuti adzakhala mulungu wa dziko latsopano. Kumbukira tsiku lija munthu wotchedwa Lind L. Tailor anaoneka pa TV n'kunena kuti zochita za Kira, dzina limene anthu anapatsa wakupha wosadziwikayo, n'zoipa. Light sanafunse kuti munthuyu walakwanji. Anapsa mtima, n'kulemba dzina pomwepo, chifukwa chonyozedwa basi. Ndipo mkwiyo womwewo ndi umene unamuulula kwa L, katswiri wofufuza milandu amene ankamusaka, kuti ali m'chigawo cha Kanto, poti nkhaniyo inaulutsidwa kumeneko kokha. Kenako anapha apolisi 12 a FBI a ku America amene ankangogwira ntchito yawo, anaphanso Naomi Misora, mayi amene ankalira bwenzi lake. Pofika apo wolakwa anali aliyense woima panjira yake.

Ndiye ndikufunse, mnzako uja anaba chiyani? Kapena anangokuyankha anthu akuona? Undiuze zoona. Amene uja ndi amene ankakubwereka nsapato popita ku intavyu.

Ndalama unatumiza zafika, tagula feteleza matumba awiri, ndipo amayi ako akuyendayenda m'mudzi kuuza aliyense za udindo wako. Nanenso ndikunyadira, usaganize kuti ayi. Unavutikira, unkawerenga ndi koloboyi mpaka maso kufiira. Koma ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Pali chinthu sindinakuuzepo. Ndili kapitawo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo kuja, iwe uli kumsana, nanenso ndinali ndi kope langa lochongera matikiti. Mayi wina wothyola tiyi anaseka nditaterereka m'matope, anzake n'kuseka nawo. Madzulo ndinamudula tsiku, ndikudziuza kuti ndikukonza khalidwe pa ntchito. Tsiku la malipiro anawerenga ndalama zake kawiri, n'kundiyang'ana, osanena kanthu, mwana ali pachifuwa. Nkhope imene ija ndimaionabe. Cholembera chimapepuka kwambiri, mwana wanga, dzanja silimva kanthu polemba dzina la munthu.

Amene amandipweteka mtima pa katuni yonse ija ndi bambo ake a Light, Soichiro. Anafunafuna Kira usana ndi usiku, chonsecho akudya naye patebulo limodzi, ndipo anamwalira akukhulupirira kuti mwana wake ndi wosalakwa. Ine sindikufuna kupita m'manda ndi bodza lotere. Bola undiuze choipa ndidakali moyo, tilire limodzi. Ndipo unaona mmene Light anathera, atawomberedwa ndi wapolisi uja Matsuda amene ankamukonda, popanda wobwera kudzamuthandiza, dzina lake kulembedwa ndi Ryuk yemwe uja.

Mawu oti zinyalala aja usawanenenso kwa munthu. Ndanena, usawanenenso. Ngati wina waba, pali malamulo a pantchito, amumve kaye mbali yake, pakhale ndi ena oweruza nawe.

Kutha kwa mwezi ubwere, koma usanakwere basi ukadzere kwa mnzako uja. Mayi ake ndinakumana nawo kutchalitchi Lamulungu, anandipatsa moni bwinobwino, ine n'kusowa poyang'ana.

Ndine bambo ako.