A Legson Kayira timangowakumbukira ndi mapazi okha

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mmene timakumbukirira malemu a Legson Kayira, mlembi wa mabuku. Dzina lawo likangotchulidwa, aliyense amathamangira za ulendo uja: mnyamata wa ku Nthalire amene ananyamuka wapansi mu 1958, Baibulo ndi kankhwangwa m'manja, mpaka kukafika ku Khartoum m'dziko la Sudan, kenako n'kukaphunzira ku Skagit Valley College ku America. Nkhaniyo ndi yokoma ndithu, ndipo eni ake anaifotokoza m'buku la I Will Try la 1965. Koma timathera pomwepo, ngati kuti atafika kumeneko cholembera anachitaya.

Chonsecho pakati pa 1967 ndi 1974 bambowa anatulutsa mabuku anayi a nkhani zopeka: The Looming Shadow, Jingala, The Civil Servant ndi The Detainee. Ambiri amakonda Jingala, za mkulu wokhometsa msonkho wopuma ntchito amene akulimbana ndi mwana wake wofuna unsembe. Ine mtima wanga uli pa lomalizalo.

The Detainee ndi nkhani ya Napolo, munthu wamba wa kumudzi wosadziwa n'komwe za ndale, amene akuzunzidwa ndi anyamata a chipani n'kutsekeredwa popanda mlandu. Dziko la m'bukumo ndi lopeka, koma ife a ku Mangochi sitifuna wotimasulira. A Chipembere ataukira boma mu 1965, midzi ya kuno inaona zakuda. Funsani akuluakulu a m'mudzi wa Moto, amene anatengedwa pa malole n'kukatsekeredwa, amayi ndi ana omwe. A Jack Mapanje, mlakatuli, mwana wa kwa Kadango konkuno, anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khoti. A Kayira analemba zoterezi anthu akuopa ngakhale kunong'ona, ndipo iwo anakhazikika ku England mpaka imfa yawo mu 2012.

Nanga bukuli lili kuti? Pa boma pano mupeza mabuku a mayeso ndi a mapemphero atayalidwa pakhonde la sitolo, koma ili ayi. Ana athu a sekondale dzina la Napolo amangolidziwa ngati chinjoka chogumula mapiri.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi a Malawi Writers Union ndi lakuti akambirane ndi banja la malemuwa, bukuli lisindikizidwenso pa mtengo woti mphunzitsi n'kukwanitsa. Alimasulirenso m'Chichewa ndi m'Chiyao, agogo amene anaziona ndi maso adakali moyo, kuti adzukulu awawerengere.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Malindi, Mangochi