Lipoti la nthumwi zathu: miyambo, zikondwerero ndi masiku a sukulu

Kwa a gulupu ndi mafumu onse, a mphunzitsi wamkulu, amayi a gulu loyang'anira atsikana, a shehe, abusa ndi makolo anzathu.

Munatituma ku msonkhano wa makomiti a sukulu umene unachitikira pa boma la Salima, ndiye tabwera kudzatula. Kunali aphunzitsi aakulu, alangizi a maphunziro, mafumu, anamkungwi, angaliba ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ena ochokera ku Nkhotakota. Tinakambirana za miyambo ndi zikondwerero za pachaka zimene zimawombana ndi sukulu. Mutu wa zonse ndi uwu: ana ambiri amajomba chifukwa cha tsiku limene mwambo waikidwa, ndipo tsiku tingathe kulisuntha tokha kuno kumudzi osadikira boma.

Mlangizi wina anayamba ndi za maiko ena. Ku Russia sukulu zimatsegulira pa 1 Seputembala, ana atanyamulira aphunzitsi maluwa, ndipo mnyamata wa kalasi yomaliza amanyamula paphewa kamtsikana koyamba kumene, iko kakuliza belu. Ku Germany mwana woyamba sukulu amapatsidwa phukusi lalikulu la pepala losongoka kumunsi, lodzaza maswiti ndi mapensulo. Ku Scotland tchuthi cha mu Okutobala chinkapatsa ana mpata wothandiza kukumba mbatatesi, kusonyeza kuti kumeneko sukulu inagonjera munda. Chimene chinatikhudza kwambiri ndi cha ku South Africa, kumene lamulo la 2021 limati chinamwali chizichitika pa tchuthi cha sukulu basi, ndipo mwana wosakwana zaka 16 asalowe.

Pa jando ndi pamene tinakhalitsa. Tchuthi chachikulu chimayamba chakumapeto kwa Julayi ndipo sukulu zimatsegulira mu Seputembala, choncho tili ndi masabata 6 kapena kuposerapo pang'ono. Kundagala, kumsasa wa jando, anyamata amakhalako pafupifupi mwezi, ndipo achipatala amati bala la mdulidwe limapola bwinobwino pakatha masabata 6. Mukawerengera, mpata wozengereza palibe: anyamata ayenera kulowa sabata yoyamba ya tchuthi. Chimene chimalakwika n'chakuti makolo amadikira kaye agulitse mpunga, thonje kapena chimanga kuti apeze ya ngaliba, ya chakudya ndi ya zovala zatsopano zotulukira. Ndagala imatsegulidwa pakati pa Ogasiti, manganje otulukira n'kudzavinidwa anzawo ataphunzira kale masabata awiri. Mwana wa Sitandade 5 amene waphonya chiyambi cha chaka amavutika koposa, chifukwa ndi m'kalasi imeneyi mmene maphunziro amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Choncho tinagwirizana kuti mayina a olowa alembedwe kwa mfumu pofika mu Meyi, makolo azisonkha pang'onopang'ono kuyambira pokolola, ndipo mfumu isapereke chilolezo cha ndagala popanda kulemba tsiku lotulukira. Za mpeni umodzi kwa ana ambiri, angaliba eniake anavomereza kuti zimafalitsa matenda. Njira imene madera ena akutsata ndi yoti mdulidwe uchitikire kuchipatala, malangizo okha ndiwo akaperekedwe kundagala. Mwana amene akutaya magazi osaleka, watupa kapena watentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nakanga, woyang'anira ndagala, asabise poopa manyazi.

Chinamwali cha atsikana, kaya cha kutsimba kwa Achewa kaya nsondo wa Ayao, sichitenga masiku ambiri, koma vuto lake lili pa zimene mwana amauzidwa. Anamkungwi anapempha kuti tisawanyoze, ndipo ife tikuwaikira kumbuyo: malangizo a ukhondo pa nthawi ya kumwezi, ulemu ndi kudzisunga ndi ofunika, ndipo palibe mphunzitsi angawalowe m'malo. Koma malangizo a m'nyumba ya banja adikire tsiku la ukwati. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kusasa fumbi ndi mlandu wa kupolisi, osati wa pabwalo la mfumu. Tinapempha kuti mmodzi wa amayi a gulu lathu loyang'anira atsikana, amene anavinidwa kale, azikhala nawo kutsimba, ndipo phungu wa mwana aliyense ndiye azimuperekeza kusukulu tsiku lotsegulira.

Za Gule Wamkulu sizinavute. Ndi chuma chathu chimene ngakhale bungwe la UNESCO linachilemekeza mu 2005, ndipo Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia kumachitika kumapeto kwa Ogasiti ana ali pa tchuthi. Maliro sapangana tsiku, amenewo tiwasiye. Koma ziliza ndi kulonga ufumu zimakonzedwa miyezi isanakwane, choncho ziziikidwa Loweruka. Eni dambwe anavomera kuti zilombo zisamayende m'njira za kusukulu kuyambira m'mawa mpaka ana ataweruka. Maganizo oti gule azithamangitsa ojomba kupita nawo kusukulu, monga amachitira m'madera ena, ife sitinawakonde. M'sukulu mwathu muli ana a Chisilamu ndi a mipingo imene sigwirizana ndi gule, ndipo mwana wobwera akunjenjemera saphunzira.

Ramadan imasuntha chaka ndi chaka, kubwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11, ndipo zaka zino ikugwa mu teremu yachiwiri, nthawi ya mvula ndi njala. Ana okulirapo amene akusala samwa phala la kusukulu, ndiye pofika masana amakhala atalefuka. A shehe anafotokoza kuti mwana wosatha msinkhu sakakamizidwa kusala, ndipo ndi bwino zimenezi zilengezedwe kumzikiti kuti ana aang'ono azimwa phala mopanda mantha. Kwa akuluwo, masamu ndi mayeso a m'kalasi aziikidwa m'mawa, mpira, kulambula ndi kutunga madzi zichepe. Tsiku la Eid limadziwika mwezi ukaoneka, choncho aphunzitsi asiye masiku awiri oyandikana opanda mayeso. Ophika phala aziwerenga kaye amene amwe asanathire ufa mumphika, poti chaka chilichonse phala limatayika mwezi umenewu.

Anzathu a kunyanja anakumbutsa za chilumba cha Mbenji, chimene a Senior Chief Makanjira amachitseka mu Disembala n'kuchitsegula mu Epulo kuti nsomba ziswane. Mwambo umenewu ndi wonyaditsa, koma kutsegulako kumafika a Sitandade 8 atatsala pang'ono kulemba mayeso a MANEB. Utaka ukachuluka padoko, anyamata amathawira kokoka makoka ndi koyanika nsomba pathandala, ndipo akalawa ndalama ya tsiku limodzi sabwerera msanga. Tinapempha makomiti a m'madoko kuti mwini bwato wopezeka ndi mwana wa sukulu pa nthawi ya maphunziro azilipitsidwa, ndipo a mphunzitsi wamkulu azitumiza mayina a ojomba Lachisanu lililonse.

Kenaka tinaphunzira kakonzedwe ka tsiku la chikhalidwe pasukulu. Nthawi yabwino ndi mu Juni, a Sitandade 8 atalemba, chakudya chili m'nkhokwe, ndipo lingagwirizane ndi 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa lokumbukira ana a ku Soweto a mu 1976. Magule akhale oti mwana aliyense angalowe: chimtali, chioda, mganda, malipenga ndi beni. Zokonzekera zizichitika ana ataweruka, kawiri pa sabata, kwa masabata 3, chifukwa mukalekerera zimadya maphunziro a teremu yonse. Pa chakudya werengerani magalamu 200 a ufa ndi magalamu 50 a nyemba pa munthu. Ndiye kuti ana 500 afunika matumba awiri a mgaiwa a makilogalamu 50 ndi nyemba makilogalamu 25. Mukafuna ufa woyera onjezerani chimanga, poti pokonola gaga amachotsa gawo lalikulu. Bwalo lithiridwe madzi m'mawa kuti fumbi lisatsamwitse ovina, moto wowambira ng'oma ukhale kutali ndi ana aang'ono, ndipo olankhula asapitirire atatu. Choipitsitsa chimene chimachitika ndi kubweza mwana chifukwa kwawo sanasonkhe. Zimenezo tisalole: wopanda chimanga abweretse nkhuni kapena atunge madzi.

Tatengerako kamodzi kwa anzathu akunja aja. Tsiku lotsegulira mu Seputembala, mwana aliyense wa Sitandade 1 abwere ndi kholo, aitanidwe dzina lake pamzere, ndipo wa Sitandade 8 amugwire dzanja kukamuonetsa kalasi, chimbudzi ndi mjigo. Sizifuna ndalama.

Chimene tikupempha kwa inu ndi kukumana teremu ino isanathe, tili ndi kalendala ya unduna wa maphunziro m'manja. A gulupu abwere ndi masiku a ziliza ndi a zinamwali, a shehe ndi abusa abwere ndi masiku a zikondwerero ndi misonkhano yawo, a komiti ya padoko abwere ndi awo. Tidzalemba zonse pa pepala limodzi, mafumu adzasaina, ndipo lidzamatidwa ku ofesi ya a mphunzitsi wamkulu, kumzikiti, kutchalitchi ndi kuchigayo.

Ndife nthumwi zanu za komiti ya sukulu.