Tsiku la amayi koma maikolofoni kwa abambo

Akonzi,

Ndipatseni mpata ndidandaule za mwambo wa tsiku la amayi padziko lonse womwe bungwe lina lidakonza kuno ku Zomba pa 8 Malichi. Adatiuza kuti tilawirire, tivale zitenje zofanana. Tidalawiriradi, n'kukhala padzuwa mpaka masana kudikira mlendo wolemekezeka, uku mu tenti mwadzaza abambo a masuti akumwa madzi a m'botolo. Bwanayo atafika adawerenga pepala lake m'Chingerezi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kutamanda Malala Yousafzai wa ku Pakistan ndi Wangari Maathai wa ku Kenya. Agogo ena a ku Chingale omwe adakhala pambali panga ankangoomba m'manja akaona anzawo akuomba.

Malala sindikumunyoza ayi. Mtsikana yemwe adaomberedwa ndi mfuti mu 2012 chifukwa cholimbikira kuti atsikana apite kusukulu ngwoyenera ulemu, ndipo Mayi Maathai adamenyedwa poteteza nkhalango ya Karura. Koma kodi bwanayu ankadziwa kuti waima pa nthaka ya Zomba? Ndende yomwe adaidutsa pa galimoto lake la magalasi akuda ndi yomwe atsamunda adatsekeramo Mayi Rose Chibambo mu 1959, ali ndi khanda la masiku ochepa kumanja. Nkhope yawo ili pa K200, mwina bwana sagwiranso ndalama zing'onozing'ono. M'ndende yomweyo mudavutikira Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi muno, omwe adagwidwa mu 1981 n'kudzatuluka mu 1993, amuna awo a Orton atamwalirira momwemo. Mfumu Theresa Kachindamoto, yomwe idathetsa maukwati a ana ku Dedza mpaka dziko lonse kuimva, idagwira ntchito ya usekilitale kuno ku Zomba zaka zambirimbiri. Mayi Joyce Banda, pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino, kwawo ndi ku Domasi pompa. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa amenewa adatchulidwa. Ndi mmodzi yemwe!

Ife ntchito yathu idali kuvina, kululutira ndi kugawa Fanta. Mayi yekhayo yemwe adagwira maikolofoni ndi uja adapereka pemphero lotsegulira, naye adamunong'oneza kuti afupikitse.

A unduna woona za jenda, a DC, mafumu athu, kodi zimenezi mumaziona? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 alionse. Mu tenti muja mukadawerenga mitu mukadachita manyazi. Mu 2017 aphungu adasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana asakwatiwe asanakwane zaka 18, koma pitani kugombe la nyanja ya Chilwa mukaone atsikana obereka ana kumsana pomwe anzawo ali m'kalasi. Amayi ogulitsa mumsika akungothamangitsidwa ndi madengu awo, ngongole za banki m'khonde zikuwalanda ndi mapoto omwe. Zonsezi pepala la bwana lidalibe.

Chaka chamawa chonde, yankhulani m'Chichewa ndi m'Chiyao, tenti muwasiyire agogo, ndipo woyamba kuyankhula akhale mayi wa mumsika. Ndalama ya zitenje ija mugulire chikwangwani, muchiike pafupi ndi ndende cholembedwa maina a Mayi Chibambo ndi Mayi Chirwa. Abambo a masuti akafuna kubwera, abwere adzavine.

Mayi wokhumudwa,
Matawale, Zomba