Tisadikire kuti udzu uleke kumva mankhwala

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mankhwala opha udzu amene afala m'minda ya kuno ku Chipata, Katete ndi Petauke kuchokera pamene ulimi wa gamphani, wosatembenuza nthaka yonse, unayamba kulimbikitsidwa. Mankhwalawa apeputsa ntchito yopalira, makamaka kwa amayi, koma kagwiritsidwe kathu kakutiitanira vuto limene alimi a maiko ena akulimbana nalo kale. Ku Australia, mu 1996, kunapezeka udzu wa ryegrass umene sunkafanso ndi mankhwala opha udzu otchedwa glyphosate, ndipo pambuyo pake zoterezi zinaonekanso ku Malaysia ndi ku South Africa.

M'munda mumatha kukhala timaudzu tochepa topirira mwachibadwa. Mlimi akamapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka, udzu wofooka umafa, wopirirawo umatsala n'kumwaza njere zake, mpaka mbumba yake imadzaza munda wonse.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi zimene zimachitika pogula. M'sitolo mumakhala mabotolo a maina osiyanasiyana, mlimi n'kumaganiza kuti wasintha mankhwala, chonsecho timalemba tating'ono ta pabotolo tikunena glyphosate yemweyo. Ena amagula otsanulidwa m'botolo la zakumwa lopanda malangizo alionse, ndipo poti ndalama n'zochepa, amachepetsa muyeso mu sipuleya ya malita 16 kuti akwanire munda wonse. Udzu umangofiira nsonga n'kuphukiranso. Enanso amasungunulira m'madzi amatope a kudambo, pamene dothi limagwira glyphosate n'kumutha mphamvu. Choncho si nthawi zonse pamene kapinga wakana kufa pamene tinganene kuti wasiya kumva mankhwala, ndipo n'chifukwa chake pakufunika akatswiri oti asiyanitse ziwirizi.

Ndikupempha ofufuza za ulimi a ku Msekera kuti azitenga njere za udzu wotsala m'minda yopoperedwa n'kukaziyesa, ndipo bungwe loona za chilengedwe la ZEMA liumirize ogulitsa kuti dzina lenileni la mankhwala ndi muyeso wake zizilembedwa m'Chinyanja. Alangizi nawo atiphunzitse kuti kasinthasintha wa chimanga, soya ndi nshawa amapereka mpata wosinthadi mtundu wa mankhwala. Kwa alimi anzanga ndikuti khasu tisalitaye. Udzu uliwonse umene watsala wobiriwira patapita milungu iwiri kapena itatu chipopereni, tiuzule usanachite maluwa ndipo tikadziwitse mlangizi wa m'dera lathu.

Ine wanu,
Mlimi wa chimanga ndi soya,
Chipata