Chisankho cha ku America cha 2000 chinasokonekera pa khadi lovotera

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa chisankho cha ku America cha 2000, chomwe ambiri amangoti khoti linapatsa George W. Bush mpando. Khoti linabwera kumapeto. Zinthu zinayamba kupota pa khadi lovotera.

Kumeneko pulezidenti sasankhidwa potengera mavoti a dziko lonse. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake zosankha pulezidenti, zonse pamodzi 538, ndipo wofuna mpando ayenera kupeza 270. Pa 7 Novembala 2000 Al Gore anaposa Bush ndi mavoti opitirira 500,000, koma palibe akanafika pa 270 popanda nthumwi 25 za chigawo cha Florida, zomwe zonse zikanapita kwa wopambana kumeneko. Anavota m'chigawocho anali pafupifupi 6 miliyoni, ndipo powerenga koyamba Bush anatsogola ndi 1,784 okha. Malamulo a Florida amati kusiyana kukapanda kupitirira theka la peresenti imodzi, mavoti awerengedwenso pamakina.

Maboma angapo akuluakulu m'chigawomo ankagwiritsa ntchito makhadi obowola. Wovota ankalowetsa khadi m'kachipangizo kokhala ndi kabuku ka mayina, n'kubaya ndi kachitsulo pabowo loyang'anizana ndi dzina lomwe wafuna. Pamenepo pamakhala kachidutswa ka pepala kogwira pa ngodya zinayi, ndipo kayenera kuthothokeratu kuti kuwala kwa makina owerengera kudutse. Khadi likapanda kulowa bwino, kapena zidutswa zakale zikaunjikana pansi pake, kachidutswako kankatsala lendelende pa ngodya imodzi kapena ziwiri, mwinanso kungolowa m'kati osang'ambika. Makina ankati munthuyo sanavote. Khadi lomwelo likabwerezedwa m'makina, kolendewerako kankatha kugwa, chiwerengero n'kusintha.

Ku Palm Beach, limodzi mwa mabomawo, kunawonjezeka vuto lina. Opikisana pa upulezidenti analipo 10, ndipo pofuna kuthandiza okalamba, akuluakulu achisankho anakulitsa zilembo. Mayina anafalikira pamasamba awiri oyang'anizana, mabowo onse ali mumzere umodzi pakati. Kumanzere, Bush anali woyamba ndipo bowo lake linali loyamba. Gore anali wachiwiri koma bowo lake linali lachitatu, poti lachiwiri linali la Pat Buchanan wa patsamba lakumanja. Buchanan anapeza mavoti pafupifupi 3,400 m'boma lomwe analibe omutsatira ambiri, mwiniwakeyo mpaka anavomera kuti ambiri mwa mavotiwo sanali ake. Makhadi oposa 19,000 anaonongeka chifukwa anabowoledwa kopitirira kamodzi. Zimenezi ngakhale mutawerenga kangati, sizikonzeka.

Gore anapempha kuti awerenge pamanja m'maboma anayi: Volusia, Palm Beach, Broward ndi Miami-Dade. Kwa ine apa anaphonya, chifukwa posankha madera omwe anali ndi mphamvu anapatsa anzakewo chonena. Komabe chachikulu n'chakuti malamulo ankangoti owerenga aone cholinga cha wovota, osafotokoza kuti kachidutswa kolendewera kapena kongolowa m'kati ndi voti kapena ayi. Owerenga ankakweza khadi m'mwamba n'kumasuzumira kuwala, boma lililonse ndi muyeso wake. Ife amene tinaona za tipeksi mu 2019 sitingadabwe kuti kapepala kangathe kuimitsa dziko.

Pa 26 Novembala Katherine Harris, woyang'anira zisankho m'chigawocho yemwenso anali mmodzi mwa otsogolera kampeni ya Bush ku Florida, analengeza kuti Bush wapambana ndi 537. Pa 8 Disembala khoti lalikulu la Florida linalamula kuti makhadi omwe makina anati alibe voti awerengedwe pamanja, koma mawa lake khoti lalikulu la dziko lonse linaimitsa ntchitoyo. Pa 12 Disembala majaji 7 mwa 9 anaona kuti kuwerenga ndi miyeso yosiyana n'kusalinganiza ovota. Anagawanika pa chochita: 5 anati nthawi yatha, 4 anakana. Gore anagonja pa 13 Disembala, Bush n'kutenga nthumwi 271, iye 266.

Florida inaletsa makhadi obowola mu 2001, ndipo mu 2002 lamulo la Help America Vote Act linapereka ndalama kuti zigawo zichotse makina akalewo.

Wowerenga wanu,
Zomba