Kwa eni malo oyeza matenda ndi zala m'tauni ya Mzuzu

Akuluakulu, tikulemba ndife ogwira ntchito zachipatala konkuno. Anthu akutipeza ndi mapepala anu akuti impso zafooka, chiwindi chatopa, ndipo ena mwawauza kuti asiye mankhwala a BP agule zitsamba zanu. Zimenezi zithe.

Makina anuwo timawadziwa. Ndi a GDV (Gas Discharge Visualization), ojambula kuwala kozungulira chala, omwe Konstantin Korotkov wa ku Russia adapanga m'ma 1990 potengera zomwe Semyon Kirlian adaona mu 1939. Munthu amaika chala pagalasi, pansi pake pamadutsa magetsi amphamvu, mpweya wozungulira chalacho umawala, kamera n'kujambula. Kenako kompyuta imadula chithunzicho m'zigawo: apa mtima, apa impso. Magawidwewo adatengera mapu a acupuncture, njira ya ku China yochiza pobaya masingano pathupi. Magazi, mkodzo kapena chiwalo chilichonse makinawo sanachione.

Chimene chimasintha kwambiri kuwalako ndi chinyezi, ndipo izi zidaonetsedwa kale mu 1976 m'magazini ya Science. Thukuta, mafuta odzola, kukanikiza kwambiri, chala kupendekeka, galasi losapukuta bwino, zonsezi zimasintha chithunzi. Nanga Mzuzu wathuyu wa nkhungu ndi mvula! Mayi woyenda pansi kuchokera ku Chibavi amafika manja ali thukuta, wina wadzola Vaseline chifukwa cha chisanu cha mu Juni, inu n'kumawerenga mipata ya kuwalako ngati matenda. Ngati mukutsutsa, yezani munthu, asambe m'manja ndi sopo, aumitse, papite mphindi 15, mumuyezenso pamaso pa anthu. Tione ngati impso zija zikhalebe zofooka.

Kuchipatala, shuga amayezedwa m'magazi munthu asanadye kanthu, ndipo 7.0 mmol/L kapena kupyola apo amafunika kuyezanso kuti atsimikize. BP yokwera ndi 140/90 kapena kupyola apo, poyeza pamasiku osiyana. Impso timaona creatinine (zinyalala zomwe impso zimasefa) m'magazi ndi mapuloteni mumkodzo. Choopsa kwambiri ndi mayi amene mwamuuza kuti ali bwino, n'kuleka kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala cha kwawo.

Chonde chotsani pachikwangwani ndi pa Facebook mawu akuti mumapeza matenda, ndipo ikani poonekera chiphaso cha Medical Council of Malawi cha amene amauza anthu zotsatira. Onse amene mudawasiyitsa mankhwala aimbireni lero abwerere kuchipatala. Mukapanda kutero, mapepalawa tikawapereka ku Medical Council, za zitsambazo tikazitula ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala.